Wosamalira wodwala pakhomo, mungadziwe bwanji kuti akugwira ntchito bwino?

Anthu ambiri akamafuna munthu woti azisamalira mayi awo kapena agogo odwala pakhomo funso limakhala limodzi basi, kodi ndi wamtima wabwino? Mtima ndi wofunika sindikukana, koma ife manesi amene timayendera odwala m'makomo timakumana ndi osamalira achifundo zedi, oseka bwino, pomwe wodwala wawo ali ndi chilonda chakuya kumunsi kwa msana ndipo iwo eni sakudziwa n'komwe kuti chinabwera bwanji. Palibe amene anawaphunzitsa ndipo palibe amene amabwera kudzaona ntchito yawo.

Ndiye ine ndimayambira pa khungu, chifukwa khungu silinama. Munthu amene sangathe kudzitembenuza yekha, kaya ndi wa sitiroko kaya ndi ukalamba, akagona mbali imodzi nthawi yaitali magazi amasiya kuyenda bwino pomwe fupa lapanikiza khungu, pa zidendene, m'chiuno, pa mapewa, pa zigongono, olo kunkhongo. N'chifukwa chake timati azitembenuzidwa pafupifupi maola 2 aliwonse, usiku womwe, osati masana okha pamene achibale akuona. Mukaona pofiira dinani ndi chala, pakapanda kuyera pang'ono mukachotsa chalacho ndiye kuti chilonda chayamba kale olo khungu lisanang'ambike. Kwa munthu wa khungu lakuda kufiirako sikuoneka bwino, ndiye mumayang'ana pomwe pada kuposa pena, pomwe pakutentha kapena palimba mukakhudza. Ndipo chonde osapasisita pamenepo, anthu amaganiza akuthandiza koma akungowonjezera vuto. Zilondazi zili ndi masiteji 4, ya 4 imafika pa mnofu ndi fupa, ndipo kuti chipole ndi miyezi. Pali sikelo yotchedwa Braden, inatuluka mu 1987, imene timayezera kuti wodwala ali pa chiopsezo chotani, mamakisi ake amayambira 6 kufika 23 ndipo akachepa ndiye kuti ngozi ndi yaikulu. Kampani imene imatumiza osamalira ikadabwa mukaifunsa kuti imayeza bwanji chiopsezo cha zilonda, ine pamenepo ndimayamba kukayikira.

Chachiwiri ndi kope. Nyumba iliyonse imene muli wodwala pazikhala kope lolembamo kuti wamwa mankhwala anji nthawi yanji, wadya mochuluka bwanji, wamwa madzi, wakodza, wapita kuchimbudzi, watembenuzidwa liti, BP kapena shuga anali bwanji. Zimaoneka ngati zotopetsa eti, koma taganizani, wosamalira wapereka mapilitsi a BP m'mawa osalemba, mwana wa wodwalayo wabwera naye wapereka poganiza kuti sanamwe, agogo aja akudzuka chizungulire n'kugwa. Okalamba ambiri amamwa mitundu 5 ya mankhwala kapena kuposa, kusokoneza sikuchedwa, mpaka bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO mu 2017 linakhazikitsa kampeni yapadera yofuna kuchepetsa ndi theka mavuto aakulu obwera kamba ka kulakwitsa mankhwala. Chinanso, si pilitsi lililonse limene mungalipere kuti wodwala ameze mosavuta, ena anapangidwa kuti azisungunuka pang'onopang'ono m'thupi ndipo mukawapera mphamvu yonse imalowa kamodzi. Afunse dokotala kapena wa ku famase kaye.

Za m'manja aliyense amati amadziwa, koma kusamba kwenikweni ndi sopo kumatenga masekondi 40 mpaka 60, ndipo magolovesi salowa m'malo mwa kusamba. Wosamalira amene wasintha thewera kenako n'kukagwira kapu ya wodwala ndi magolovesi omwewo ndi bora akanangokhala opanda. Ngati pali chubu cha mkodzo, thumba lake lizikhala m'munsi kuposa chikhodzodzo koma osagunda pansi.

Podyetsa, wodwala akhale tsonga ndipo akhalebe choncho mphindi 30 akatha. Akamatsokomola kapena mawu akamamveka ngati muli madzi pakhosi pomwe akudya, chakudya chikhoza kukhala kuti chikulowera ku mapapo, ndipo chibayo chambiri cha odwala ogonera chimayambira pomwepo. Zimenezo n'zokanena kwa nesi tsiku lomwelo.

Kugwa nako anthu amakutenga mopepuka. WHO imati anthu pafupifupi 684,000 amamwalira chaka chilichonse chifukwa cha kugwa, ndipo ambiri mwa iwo ndi opitirira zaka 60. Pansi ponyowa, mawaya odutsa panjira, mdima popita ku bafa usiku, wilitcheya yosamanga mabuleki, ndi zinthu zoti wosamalira wodziwa ntchito amaziona tsiku loyamba. Ndipo wodwala sanyamulidwa pomukoka m'khwapa, makamaka mbali imene inafooka ndi sitiroko, phewa limatha kuguluka.

Pali nkhani ina imene mabanja safuna kuimva. Malinga ndi WHO, munthu mmodzi mwa 6 aliwonse a zaka 60 kupita m'mwamba amachitiridwa nkhanza za mtundu wina pa chaka, ndipo si kumenya kokha, pali kukalipira, kumusiya m'mikodzo, kumubera ndalama. Nthawi zambiri wochitayo ndi wachibale, tisamangoloza aganyu. Muzipeza mpata wocheza ndi wodwala muli awiri, ndipo khadi la ku banki lisakhale m'manja mwa wosamalira olo mumamukhulupirira bwanji, zimamuteteza iyenso tsiku limene ndalama zasowa.

Ku England kuli bungwe la Care Quality Commission limene limayendera makampani otumiza osamalira odwala m'makomo n'kuika malipoti ake pa intaneti kuti aliyense aone. Kumene kulibe zoterozo mafunso mufunse nokha. Anthu awo anaphunzira kuti, satifiketi ilipo? Anafufuza mbiri yawo? Ndi nesi uti amabwera kudzaona ntchito ndipo kangati? Wosamalira akadwala amabwera ndani? Madandaulo mukapereka kwa yani? Mufunsenso kuti wosamalirayo amapuma liti, chifukwa munthu mmodzi sangatembenuze wodwala maola 2 aliwonse usana ndi usiku sabata yonse, akakuuzani kuti angathe ndiye kuti usiku wodwalayo sakutembenuzidwa. Pakufunika anthu awiri osinthana, kapena wachibale atenge mausiku ena.