Mkangano wa Electra: kuiimitsa kapena kuichepetsa liwiro?

Ndege ya Lockheed Electra inayamba kunyamula anthu ku America mu Januwale 1959. Inali ya mainjini anayi a mapulopela, yaliwiro ndithu. Usiku wa pa 29 Seputembala chaka chomwecho, Electra yatsopano ya kampani ya Braniff, pa ulendo wochoka ku Houston kupita ku Dallas, inathothoka phiko lakumanzere ili m'mwamba pafupi ndi tauni ya Buffalo ku Texas. Anthu onse 34 anafera pomwepo. Ofufuza asanapeze mutu wake wa nkhaniyi, pa 17 Malichi 1960 Electra ya Northwest yochoka ku Chicago kupita ku Miami inatayanso phiko pafupi ndi Tell City ku Indiana, n'kupha anthu 63.

Apa ndiye mkangano unabuka. Aphungu ena ankati ndege zonse za mtunduwu zileke kuuluka, ndipo bungwe lofufuza ngozi la Civil Aeronautics Board linalangiza kuti zomwe zinali zisanaunikidwe ziyambe zaima. Elwood Quesada, mkulu woyamba wa bungwe loyang'anira maulendo a pandege la FAA, yemwe kale anali kazembe wa asilikali a m'mlengalenga, anakana. Iye analamula kuti ziziuluka koma pang'onopang'ono: poyamba zisapitirire makilomita pafupifupi 510 pa ola, ndipo patangopita masiku ochepa anatsitsanso kufika pa 417.

Maganizo akewo anali ndi maziko. Phiko la ndege si louma gwa ayi. Limapindika, limapotoka, kenako n'kubwerera m'malo. Pa liwiro labwino, mphepo imathandiza kuziziritsa kugwedezekako. Koma mphamvu ya mphepo pa phiko imakula msanga kuposa liwiro: liwiro likawirikiza kawiri, mphamvuyo imawirikiza kanayi. Ndiye pali malire amene ndege ikawadutsa, mphepo yomwe ija imasanduka yokolezera, kugwedezeka kulikonse kumaposa kwam'mbuyo mpaka chitsulo kuduka. Akatswiri amati flutter, ndipo ankalidziwa kale vutoli: mu 1916 Frederick Lanchester analipeza pa mchira wa ndege yoponya mabomba ya Handley Page ku Britain. N'chimodzi mwa zifukwa zomwe ndege iliyonse imakhalira ndi malire a liwiro olembedwa pa geji pamaso pa woyendetsa.

Chimene chinaimitsa anthu mitu n'chakuti Electra inali itayesedwa, ndipo phiko lake silinkayenera kuchita zimenezi pa liwiro lomwe inkayenda. Yankho linadzapezeka pa zitsulo zogwiriziza mainjini awiri a chakunsonga kwa mapiko. Zitsulozo zikafooka kapena kuwonongeka, pulopela inkayamba kuyenda mwapendapenda ngati nguli yomwe yatsala pang'ono kugwa, n'kumakoka injini yonse mozungulira. Zogwiriziza zolimba zikanathetsa kupendamako msanga. Zofooka zinkakulekerera, ndipo kugwedezeka kwa injini kunkatsika mpaka kufika pafupifupi katatu pa sekondi, mlingo womwenso phiko limagwedezekera mwachibadwa. Ziwirizi zikagwirizana, phiko linkatha kuthothoka m'masekondi ngati 30. Akatswiri a NASA, bungwe la boma la America lofufuza za ndege ndi zam'mlengalenga, anatsimikiza izi ku malo awo a kafukufuku a Langley poika kachifanizo ka ndegeyi m'ngalande yopemerera mphepo yamphamvu, atafooketsa dala zogwirizizazo.

Kampani ya Lockheed inawononga ndalama zokwana madola pafupifupi 25 miliyoni kulimbitsa zogwiriziza mainjini ndi mapiko a ndege zonse, ndipo mu 1961 zokonzedwazo zinaloledwa kuthamanganso monga kale. Nthawi yonse yomwe zinkayenda pang'onopang'ono palibe ina inataya phiko. Ambiri amati izi zikusonyeza kuti Quesada analondola. Ine ndimaona kuti anachitanso mwayi, pakuti tsiku lomwe ankapereka lamulolo sankadziwa chomwe chinkathyola mapikowo. Anangowerengera kuti mphepo ikachepa mphamvu, vutolo lichepanso, ndipo anthu ankakwerabe.

Mbiri ya Electra inaipa basi. Ngozi ya ku Boston mu Okutobala 1960, pomwe anthu 62 anafa mbalame zitalowa m'mainjini, inangowonjezera mantha ngakhale kuti sinkakhudza mapiko, komanso ndege za jeti zinali zitayamba kulanda msika. Zinapangidwa 170 zokha. Gulu lankhondo lapamadzi la America ndi lomwe linapindula nayo: linatenga kapangidwe kake n'kupangitsa P-3 Orion, ndege yosakira sitima zoyenda pansi pa nyanja, yomwe yagwira ntchito zaka zoposa 50.