Kutchulidwa pa nkhani ya msonkho si umboni wa kuba

Zatikwana kumva chaka ndi chaka kuti wosewera mpira wa ku Ulaya akatchulidwa m'nyuzipepala pa za msonkho ndiye kuti ndi wakuba, ndipo wosatchulidwa alibe mlandu. Si zoona. Msonkho wa malipiro, kalabu imadula ndalama isanafike m'thumba mwake. Mikangano yambiri imabuka pa ndalama zochokera kwa otsatsa malonda ogwiritsa ntchito dzina ndi nkhope yake. Kufufuzidwa si kupezeka wolakwa. Atolankhani nawonso amakondera: wina amamuika patsamba loyamba sabata yonse, mnzake wa mlandu wofanana amangomulembera mizere iwiri mkatimo. Musanatumize kwa anzanu uthenga wonena kuti wosewera wina wazemba msonkho, fufuzani ngati khoti lagamula kapena ndi kafukufuku chabe, ndipo yerekezerani nyuzipepala zingapo. Zikapanda kumveka bwino, musautumize.