Maphunziro a oyang'anira zithunzi m'myuziyamu: mayankho kwa inu amene mwakhala mukubwera ku ofesi

Chimatireni chidziwitso choitana anthu kulembera maphunzirowa pa bolodi kuno ku Mangochi boma, m'mawa uliwonse tikumapeza anthu atandanda pakhonde, makamera ali m'khosi. Ena achokera ku Namwera, ena ku Monkey Bay, wina anachita kulawirira kuchokera ku Makanjira. Mafunso ake ndi amodzimodzi, ndiye tati tiyankhire pano kuti musamaononge ya thiransipoti.

Kodi mukuphunzitsa kujambula zithunzi?

Ayi. Kamera isiyeni kunyumba.

Nanga mukuphunzitsa chiyani?

Ntchito ya curator, munthu amene amasankha zithunzi, kuzisunga, kufufuza mbiri yake n'kuziika poti anthu azione. Wosankhidwa amakhala chaka chimodzi pansi pa curator wamkulu ku myuziyamu ya zaluso ya yunivesite imene tikugwira nayo ntchito, ndipo miyezi ina amadzagwirira kuno.

Tinene kuti akupatsani chithunzi cha sitima ili padoko, kumbuyo kwake analemba "Fort Johnston" basi. Muyenera kudziwa kuti limenelo ndi dzina lakale la Mangochi. Kenako mufufuze: kodi ndi Gwendolen, sitima ya Angerezi imene mu Ogasiti 1914 inakaombera sitima ya Ajeremani, Hermann von Wissmann, ndipo mfuti yake ili pafupi ndi wotchi ya Queen Victoria paja? Kapena ndi Vipya, imene inamira mu 1946 ndi anthu 145? Nanga amuna amene asenza nkhuni m'mphepete mwa chithunzicho, amene wojambula sanavutike n'kuwalemba maina, ndani? Ntchito yake ndi imeneyo.

Ndakhala ndikujambula maukwati ndi zinkhoswe zaka zambiri koma ndilibe digiri. Ndingalembere?

Ili ndiye funso latiutsira mapiri pachigwa, ndipo tivomere kuti mbali ina tinadziputira tokha. Pachidziwitso tinalemba kuti tikufuna "achinyamata aluso pa zithunzi", mawu amene aliyense wokhala ndi situdiyo anali ndi ufulu wowamva mmene anawamvera. Tinayenera kumasula bwino.

Lamulo lake si lathu, ndi la yunivesite. Iwo amafuna digiri ya mbiri yakale, zaluso kapena maphunziro oyandikana nawo, ndipo munthuyo akhale amene wangoyamba kumene ntchito. Chifukwa chimene amapereka n'chakuti theka la ntchitoyi ndi kuwerenga ndi kulemba: makalata akale, makaundula, timawu tapansi pa chithunzi m'Chichewa ndi m'Chingerezi. Ife tinawauza kuti kuno wodziwa Chiyao, amene angakhale pamkeka ndi agogo n'kumva yemwe ali pachithunzi, ali ndi chimene digiri sipereka. Tinapempha kuti aganizirenso a dipuloma amene agwirapo ntchito yosunga zinthu zakale kapena ya mulaibulale. Sanakane, koma sanavomere polemba, ndipo chimene sichinalembedwe ife sitingakulonjezeni.

Choncho wa dipuloma akhoza kupereka fomu, podziwa kuti mwina ikaima pakhomo loyamba. Wa MSCE yokha, pepani bambo, pepani mayi, chaka chino njira palibe. Zaka zobadwa sitiwerengera. Aphunzitsi ndi ena olembedwa m'boma abweretse kalata yowalola kuchoka pantchito chaka chonse. Ya ahedi yokha siyikwanira.

Fomu ndi ndalama zingati?

Ndi yaulere. Wina akakuuzani kuti mumpatse kangachepe, mudzatiuze.

Pali malipiro?

Pali ndalama yothandizira pamwezi, koma si salale, ndipo wophunzira si wolembedwa ntchito. Palibe penshoni, palibe alawansi ya ulendo uliwonse monga ena azolowerera ku mawekishopu. Ndalamayo cholinga chake ndi nyumba, chakudya ndi mayendedwe. Ngati ikwanira kapena ayi, zitengera kumene mwapeza lendi.

Kuchuluka kwake sitilemba pano. Kudzakhala m'kalata ya mgwirizano, ndipo muwerenge musanasaine. Sikuti tikubisa. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 tinaona bajeti yolembedwa bwinobwino ikusanduka pepala chabe, ndiye sitifuna kutchula nambala imene mawa mudzatigwire nayo pakamwa.

Tamva kuti ndalama za gulu lapitalo zinkachedwa.

Zinachedwapo, inde. Ndalamazo zimadutsa maofesi angapo zisanafike kwa ife. Onse analandira zonse pamapeto pake. Sitinganene kuti sizidzachitikanso, choncho wobwera akhale ndi pogwira mwezi woyamba.

Ndidzaphunzira chiyani chimene sindingachipeze pa YouTube?

Kugwira chinthu chenicheni ndi manja. Kutentha kwa Okutobala kuno ndi chinyezi cha kunyanja ndi adani a chithunzi. Mudzatsegula bokosi la manegetivu n'kumva fungo la viniga, chizindikiro choti filimu ya acetate yayamba kuwola ndipo iyenera kupatulidwa isanaononge zinzake. Mudzaphunzira kuzindikira filimu ya nitrate, imene imayaka moto woopsa. Mudzaona zithunzi zomatirirana ngati chikondamoyo, zina chiswe chitadya nkhope zonse n'kusiya mapazi. Mudzasiya kulemba kumbuyo kwa chithunzi ndi bolopeni, kumata selotepi, ndiponso kuchita lamineti, chinthu chimene ambiri amayesa kuti n'kusamala pamene n'kupha. Pomaliza chaka aliyense amakonza chionetsero chake chaching'ono, kuyambira kusankha zithunzi mpaka kukhoma misomali.

Ndikamaliza mundilemba ntchito?

Ayi, palibe lonjezo. Malo osunga zithunzi zakale m'dziko muno, monga National Archives ku Zomba, myuziyamu ya ku Chichiri, laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House ndi Lake Malawi Museum konkuno, ndi owerengeka, ndipo ali ndi njira zawozawo zolembera anthu. Ife timapereka satifiketi ndi kalata ya umboni.

Akuti maina munasankha kale, ndi abale anu.

Mphekesera imeneyi yatifika. Ife timangolandira mafomu n'kuona ngati mapepala akwanira. Osankha amakhala ku yunivesite, ndipo wa muofesi muno amene ali ndi mbale wake pamndandanda sagwira nawo mafomuwo. Wokayika abwere aone kaundula wolandirira.

Ophunzira anu akabwera kumudzi, atilanda zithunzi za makolo athu?

Ayi. Amabwereka, amasikana, amabweza, ndipo mwini amasaina pepala lonena chimene walola. Kukhala ndi chithunzi m'nyumba sikutanthauza nthawi zonse kuti umwini wa luso lake ndi wanu, chifukwa lamulo la Copyright la 2016 limatetezanso wojambula, n'chifukwa chake timafunsa amene anajambula. Zithunzi za zinamwali za Chiyao, za kundagala ndi za kunsondo, siziikidwa pakhoma popanda mawu a eni mwambo, ngakhale zikhale zokongola bwanji.

Tibweretse chiyani, nthawi yanji?

Fomu, makope a masatifiketi, chiphaso cha unzika, ndi tsamba limodzi lofotokoza chithunzi chimodzi chakale chimene mukuchidziwa: ndani alipo, anajambulira kuti, mwadziwa bwanji. Bwerani m'mawa. Lachisanu masana musavutike, amene amasunga kaundula amakhala ali ku Juma.