Msongolo ukamawawa malo amodzi, siyani indosidi ndi mphini, bwerani tiuone

Ndatopa nawo mawu oti "ukamva kuwawa nde kuti training ikulowa". Ndimawamva kwa makochi a mpira, kwa aphunzitsi a zamasewera m'masukulu, olo kwa anyamata omwe amakwera phiri la Kasungu mbandakucha pokonzekera zolowa usilikali kapena upolisi. Ine ntchito yanga ndi ya mafizo, nde anthu amenewa mapeto ake amandipeza ine, akutsimphina, ena atachita kubwera pa kabaza poti mwendo sukupondeka. Mawuwa ali ndi kachoonadi pang'ono, ndipo kachoonadi kameneko ndi kamene kakupweteketsa ana athu.

Kuwawa kulipo kuwiri. Kwina ndi kwa minofu: mwathamanga mtunda woposa masiku onse kapena mwatsika phiri mwaliwiro, tsiku lomwelo muli bwinobwino koma mawa lake kapena mkuja ntchafu ndi akatumba zauma gwaa, kukhala pansi mpaka kugwirira khoma. Kumeneko ine sindidandaula nako. Kumagwira miyendo yonse iwiri, kumamveka dera lalikulu loti simungaloze ndi chala, mukayamba kuyendayenda kumachepa, ndipo sabata isanathe kwatha kokha.

Kwinaku ndi kwa fupa, ndipo ndi kumene ndalembera zonsezi. Mwendo umodzi, malo amodzi, kawirikawiri pa msongolo kapena pamwamba pa phazi. Ndikamufunsa mwana kuti pakuwawa ndi pati amatenga chala chimodzi n'kuloza, "apa", ndikadina pomwepo amalumpha. Poyamba pamangowawa kumapeto kwa training, kenako pamayamba msanga, kenako olo poyenda kupita kumjigo, mapeto ake ngakhale atagona. Muuzeni adumphedumphe ndi mwendo wowawawo wokha, ngati ululu ukubaya malo omwe aja basi kuthamanga kwaima kaye tsiku lomwelo. Umenewo umatha kukhala mng'alu wa fupa, umene sufuna kuti munthu agwe kapena amenyedwe, umabwera ndi kuponda komweko mobwerezabwereza.

Fupa ndi lamoyo. Mukamathamanga limapanga timing'alu tosaoneka ndi maso, ndipo thupi limakonza poyamba kugumula kagawo kotopako kenako n'kumanga katsopano kolimba kuposa kakale. Nde pakati pa kugumula ndi kumangako pamakhala nthawi yoti fupa ndi lofookerapo, ndipo kumangako kumachitika mukamapuma, mukamagona, mukamadya, osati muli pa giraundi. Vuto ndi loti mtima ndi mapapo zimazolowera msanga, masabata ochepa chabe munthu wayamba kumva kuti mpweya ulipo, pomwe fupa limafuna miyezi. N'chifukwa chake amene amavulala chonchi si aulesi ayi, ndi ana olimbikira aja amene akumva kukoma n'kumangowonjezera mtunda. Kuno ku Kasungu palibe amene sadziwa nazale ya fodya, mbande sumazichotsa pa madzi a tsiku ndi tsiku n'kukaziwokera kumunda lero lomwe, umayamba kuchepetsa madzi pang'onopang'ono kuti zikhwime. Koma bambo yemweyo wodziwa za nazaleyo amalola mwana amene wangokhala holide yonse ayambe kuthamanga m'mawa ndi madzulo pa tala wa M1, ndi nsapato zakutha kunsi, chifukwa mpikisano wa masukulu watsala masabata awiri.

Pali mtsikana wina amene nkhani yake imandivutabe. Anali Fomu 3, wakumudzi mbali ya ku Chamama, amathamanga mtunda wautali ndipo anyamata ambiri amawasiya m'mbuyo. Mwanayu anali ndi kope, kope wamba la sukulu, momwe amalembamo yekha popanda womuuza kuti lero ndathamanga mpaka pamlatho, ndagona bwino kapena ayi, ndadya chiyani, thupi likumveka bwanji. Mmene amafika kwa ife kope lija anali nalo m'chikwama ndipo ndinaliwerenga. Tsamba lina analemba kuti msongolo wakumanzere ukuwawa malo amodzi ndipo si kuwawa kwa masiku onse kuja. Patsogolo pang'ono analemba kuti ndawauza a kochi, akuti ndilimbe mtima. Mwana ameneyu thupi lake analidziwa kale, chimene othamanga ambiri amachiphunzira atakula iye anali atachipeza yekha, anangosowa wamkulu womumvera.

Zimene zinatsatira ndi zomwe zija. Wina anamugulira indosidi pa okala kuti azimwa asanapite ku training, ululu unabisala, iye n'kumathamangabe pa fupa long'aluka. Mwendo utatupa agogo ake, mwachikondi ndithu, anapita naye kwa sing'anga amene anati anzake a sukulu ina amutchera, anamutema mphini msongolo wonse n'kupakamo zakuda. Mphinizo zinatukusira, mafinya kumatuluka, ndipo tsiku lina akutsika pa njinga fupa lija linangomaliza kuthyoka. Mng'alu woti ukanapola ndi kupuma masabata 6 mpaka 8 unasanduka nkhani ya chikhakha, mabala oyamba achizidwa kaye, ndodo zoyendera, teremu yonse yapita. Akuyenda pano, koma ku mpikisano sanabwerereko. Mu 2004 Catherine Chikwakwa anatibweretsera mendulo ya siliva pa mamita 5,000 ku mpikisano wa achinyamata wa dziko lonse ku Italy, ndipo ine ndimakhulupirira kuti ana a miyendo ngati imeneyo alipo ku Chulu, ku Santhe, ku Nkhamenya, kungoti tikuwathera tokha asanafike n'komwe pa Bingu Stadium.

Za indosidi ndi anzake a brufen ndi diclofenac ndinene mosapsatira. Mankhwalawa sapoletsa fupa, amangotseka pakamwa ululu, ndipo ululuwo ndi umene umakuuzani kuti imani. Kumwa pamimba popanda kanthu amayambitsa zilonda za m'mimba, ndipo kumwa kenako n'kukathamanga dzuwa la mu Okutobala thukuta lili kamukamu madzi osamwa, impso zimavulala, ena mpaka mkodzo kuchepa. Amene amagulitsa pa okala sakufunsani zonsezi, iye akufuna ndalama yake. Chimodzimodzi anyamata ongodzipatsa udokotala aja amene amati bwera ndikuwongole msempha n'kumakanda ndi chigongono pamalo potupa, fupa long'aluka silikandidwa chonde. Ndipo lezala la mphini simudziwa latema angati, muli kafumbata mmenemo, muli HIV, muli matenda a chiwindi. Kupemphera pempherani, sindikuletsa, koma mwendowo ubwere kuchipatala sabata yomweyo.

China chimene chimasokoneza anthu ndi x-ray. Mng'alu wamtunduwu masabata awiri kapena atatu oyamba nthawi zambiri suoneka pa chithunzi, nde munthu amatuluka akusangalala kuti adokotala ati fupa lili bwino, mawa lake ali pa giraundi. Ayi. Ngati chala chikuloza malo amodzi ndipo kudumpha kukukanika, timautenga ngati mng'alu mpaka titatsimikiza, ndipo pena timajambulanso pakapita masabata angapo.

Kupuma sikuti mungogona pamphasa. Ngati kupalasa njinga sikukuwawitsa palasani, mpweya usathe, limbitsani chiuno ndi pamimba, ndipo pobwerera muyambe ndi kuyenda ndawala, kenako kuthamanga pang'ono kuphatikiza kuyenda, pa dothi osati pa tala, tsiku limodzi kuthamanga lina kupuma. Othamanga amene ndawaona akukula ndithu mpaka kufika patali ndi amene anadutsa nyengo imeneyi n'kuphunziramo. Amabwera poyamba akulira kuti anzanga andipitirira, koma pakutha pake amakhala akudziwa kuti ine ndikagona mochedwa masiku awiri miyendo imalemera, ine ndikadwala malungo olo nditamaliza LA ndimafunika masiku ena ndisanayambe zolimba, ine chimene chimandithamangitsa mopyola muyeso ndi mantha oti a kochi andisiya pa timu. Wina anandiuza yekha kuti ankathamanga kawiri patsiku chifukwa pakhomo panali mikangano ndipo kumsewu n'kumene amapezako mtendere, atazindikira zimenezo anasiya kudzilanga ndi mtunda ndipo anayamba kumaliza mtunda mwachangu kuposa kale. Zimenezi stopwatch singakuuzeni, n'chifukwa chake aliyense wobwera kwa ine ndimamuuza agule kope.

Amayi ndi azakhali, mbali iyi ndi yanu chifukwa mtsikana sangauze kochi wamwamuna. Mwana wothamanga akasiya kupita kumwezi miyezi itatu ndipo si mimba, musati ndi mmene amakhalira a masewera. Thupi likunena kuti chakudya chikuchepa poyerekeza ndi ntchito, ndipo mafupa ake akufooka nthawi yomwe amayenera kukhwima. Mwana wochoka kunyumba ndi tiyi yekha, kuthamanga, kukhala m'kalasi mpaka 2 koloko, sangamange fupa. Sizifuna zodula, usipa ndi bonya zodyera limodzi ndi minga yake, nyemba, soya, mazira, ndiwo zamasamba zotendera nsinjiro poti mtedza kuno tili nawo, phala m'mawa asanatuluke.

Ndipo pali zina zoti musadikire n'komwe kuti tione mawa. Mwana akamva kuwawa fupa thupi lili lotentha, malowo atupa ndipo akutentha, akhoza kukhala mafinya m'kati mwa fupa, pitani tsiku lomwelo. Wachinyamata amene bondo kapena pafupi ndi bondo pakutupa pang'onopang'ono, kuwawa kukumudzutsa usiku, olo atasiya masewera sikukusintha, ameneyo ajambulidwe msanga chifukwa khansa ya m'mafupa imakonda msinkhu womwewo ndi malo omwewo, ndipo ambiri amafika mochedwa atataya miyezi akuti anavulala ku mpira. Wothamanga amene akumva kuwawa m'kati mwa mphechepeche akaponda, asapondenso, mumunyamule. Yambirani pa health centre yanu kapena pa chipatala chachikulu pa boma pano, akaona kuti zikufunika akutumizani ku Kamuzu Central ku Lilongwe komwe kuli madokotala a mafupa, ndipo potuluka pakhomo mutenge buku lakuchipatala ndi mapaketi a mankhwala onse amene mwanayo wakhala akumwa.