Nkhwaira za ku Borobudur ndi mkangano wa amene ayenera kukwera kachisiyu

Mlendo aliyense wofuna kukwera kachisi wa chipembedzo cha Chibuda wa Borobudur, pachilumba cha Java m'dziko la Indonesia, masiku ano amayamba wavula nsapato zake asanaponde mwala woyamba. M'malo mwake amapatsidwa nkhwaira zopepuka zotchedwa upanat, zolukidwa ndi masamba a chomera cha pandan monga mmene mlaza umalukidwira, zokhala ndi kachidutswa ka chigoba cha kokonati pogwira chala chachikulu, ndipo kunsi kwake n'kofewa. Sakwera yekha koma m'gulu limene limakhala ndi wolitsogolera, ndipo pamene lamuloli linkayamba m'chaka cha 2023, anthu ololedwa kukwera patsiku anali 1,200 okha. Nkhwairazi n'zatsopano, koma zimene zinachititsa kuti zikhalepo zinayamba kalekale, ndipo zikukhudza funso limene a ku Indonesia akhala akulimbana nalo kwa zaka zambiri, lakuti kachisi ameneyu mwini wake ndani.

Borobudur anamangidwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 700 ndi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 800, mu ulamuliro wa mafumu a banja la Sailendra, m'chigwa chachonde cha Kedu, pamtunda wa makilomita pafupifupi 40 kuchokera mumzinda wa Yogyakarta. Ngakhale timamutchula kuti kachisi, alibe chipinda choloweramo kapena denga. Amisiri anatenga chitunda chachilengedwe n'kuchiveka miyala pafupifupi 2 miliyoni yochokera ku mapiri ophulika, yolumanitsidwa popanda matope kapena simenti, mpaka panatuluka nsanja zisanu ndi zinayi zosanjikizana, zisanu ndi imodzi zamakona anayi ndi zitatu zozungulira pamwamba pake. Mbali iliyonse ya tsinde lake ndi yotalika mamita 123. Pansanja zozungulirazo pali timanyumba tamiyala 72 tooneka ngati belu, totchedwa stupa, tobooledwa mazenera ang'onoang'ono, ndipo mkati mwa kalikonse munaikidwa chiboliboli cha Buddha atakhala pansi. Ziboliboli za Buddha zonse pamodzi zinalipo 504.

Chimene omanga anafuna chinali chakuti munthu ayende. Wopembedza amalowera kum'mawa, n'kuzungulira nsanja iliyonse khoma lili kudzanja lake lamanja, akuwerenga zithunzi zosemedwa pamiyala zimene zonse pamodzi zilipo 2,672. Zina zimasimba za moyo wa Siddhartha Gautama, amene anadzatchedwa Buddha, kuyambira pa kubadwa kwake mpaka pa chiphunzitso chake choyamba, zina za miyoyo yake yam'mbuyo, ndipo zambiri za kumtunda zimatsata ulendo wa mnyamata Sudhana wofunafuna nzeru kwa aphunzitsi osiyanasiyana. Wozungulira makonde onse amayenda mtunda wa makilomita pafupifupi asanu, ndipo akatulukira pansanja zozungulira makoma amatha, zithunzi zimatha, amangoona thambo ndi mapiri. Pazithunzizo palinso moyo wa tsiku ndi tsiku wa anthu a ku Java akale, monga alimi akulima ndi ng'ombe, oumba mbiya, oimba ng'oma ndi ngalawa za matanga. Ngalawa imodzi mwa zimenezi inapangidwanso motengera chithunzi chake, ndipo inanyamuka ku Jakarta mu 2003, n'kudutsa ku Madagascar ndi ku Cape Town mpaka kukafika ku Ghana mu 2004, pofuna kuonetsa kuti amalinyero akale a kuzilumbazi akanatha kufika ku Africa.

Cha m'ma 929 likulu la ufumu linasamukira kum'mawa kwa Java, ndipo m'zaka mazana otsatira anthu a pachilumbachi analowa Chisilamu. Kachisi anakwiririka ndi phulusa la mapiri ndi tchire. Sizoona kuti anaiwalika kotheratu, popeza anthu a m'midzi yozungulira ankadziwa kuti pachitundapo pali miyala yosema, ndipo mbiri zolembedwa ku nyumba za mafumu a ku Java zimatchula malowa ngati a tsoka kwa ana achifumu. Mu 1814, pamene Angerezi analamulira Java kwa kanthawi kochepa, bwanamkubwa Thomas Stamford Raffles atamva za chitundachi anatumiza injiniya wa ku Netherlands, H.C. Cornelius, amene analemba anthu pafupifupi 200 kuti agwetse mitengo, atenthe tchire ndi kufukula dothi kwa miyezi iwiri. Mabuku ambiri amati Raffles ndiye anatulukira Borobudur, koma amene analoza njira ndi kugwira zikwanje anali anthu a m'deralo, ndipo mayina awo sanalembedwe.

Kufukulidwa kwake kunabweretsa chiwonongeko chimene tchire silinachite. Mitu ya ziboliboli inadulidwa n'kukagulitsidwa kwa osonkhanitsa zinthu zakale, ndipo n'chifukwa chake lero ziboliboli zambiri za m'makonde zilibe mitu. Mu 1896 mfumu Chulalongkorn ya ku Siam, dziko limene lero ndi Thailand, itabwera kudzacheza inaloledwa ndi atsamunda a ku Netherlands kutenga ngolo zisanu ndi zitatu zodzaza ndi zosema, ndipo zina mwa izo zili m'nyumba yosungira zakale ku Bangkok mpaka pano. Panali ngakhale ganizo, mu 1882, lakuti zithunzi zonse zichotsedwe n'kupita nazo kumalo osungira zakale. M'nyengo yomweyo, mu 1885, injiniya wa ku Netherlands, J.W. Yzerman, anapeza kuti kuseri kwa tsinde looneka kuli tsinde lina lobisika, lokhala ndi zithunzi 160 zosonyeza zochita za munthu ndi zotsatira zake. Wojambula ndi kamera wa ku Java, Kassian Cephas, anazijambula zonse mu 1890 ndi 1891, kenako zinaphimbidwanso, kupatula ngodya imodzi yakum'mwera chakum'mawa imene inasiyidwa poonekera.

Mdani wamkulu wa kachisiyu anali madzi. Mvula ya kumeneko ndi yochuluka, ndipo inkalowa m'mipata ya miyala n'kufewetsa chitunda chamkati, mwakuti makoma anayamba kupendama ndipo ndere zinkadya zithunzi. Injiniya wa asilikali a ku Netherlands, Theodoor van Erp, anakonza nsanja zapamwamba pakati pa 1907 ndi 1911, koma sanathe kuthetsa vuto la mkatilo. Ntchito yaikulu inachitika kuyambira 1975 mpaka 1982, boma la Indonesia likugwirizana ndi UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro, sayansi ndi chikhalidwe, motsogozedwa ndi katswiri wa zofukulafukula Soekmono. Miyala yoposa miliyoni imodzi inaphwasulidwa, uliwonse n'kulembedwa nambala, kutsukidwa ndi kuumitsidwa, kenako n'kubwezeredwa pamalo pake atamanga maziko akonkire ndi ngalande zobisika mkati. Mu 1991 UNESCO inaika Borobudur pamndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi.

Mbali ya mbiriyi imene alendo samva kawirikawiri ndi ya anthu a m'midzi ya patsinde pa chitundacho. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, mu ulamuliro wa Pulezidenti Suharto, boma linakonza zoti kachisi azunguliridwe ndi paki yaikulu yokopa alendo, yoyendetsedwa ndi kampani ya boma. Mabanja mazanamazana a m'midzi monga Kenayan ndi Ngaran anasamutsidwa, kusiya minda, msika ndi manda a makolo awo, ambiri akudandaula kuti chipukuta misozi chinali chochepa. Anthu amene kale ankakwera pachitundapo nthawi ina iliyonse, Asilamu amene ankaona malowa ngati gawo la mudzi wawo, anayamba kulowera pachipata cholipira, ndipo ambiri anasanduka mavenda othamangira alendo ndi maambulera, nsalu ndi tiziboliboli. Kwa ine, aliyense wokamba za ufulu wokwera Borobudur ayenera kuyambira apa.

Kachisiyu anapulumukanso zina. Pa 21 Januwale 1985 mabomba anaphulitsidwa pansanja zapamwamba n'kuwononga stupa zisanu ndi zinayi, ndipo mu 2010 phiri la Merapi litaphulika phulusa linakuta malo onse n'kutseka ngalande, mwakuti panapita miyezi yambiri akuyeretsa. Koma chimene chinadetsa nkhawa akatswiri osamalira kachisi sichinali bomba kapena phiri. Anali mapazi. Mliri wa Covid-19 usanafike, alendo ankaposa 3 miliyoni pachaka, ambiri a iwo nzika za Indonesia zomwe, kuphatikizapo ana asukulu obwera m'mabasi, ndipo panyengo ya tchuthi ankafika masauzande makumi angapo patsiku limodzi. Masitepe amiyala anaperepeseka mpaka kukumbika pakati ngati mphero yakale, ndipo ena anaphimbidwa ndi matabwa. Panalinso chikhulupiriro chakuti wopisa dzanja pazenera la stupa ina n'kukhudza chiboliboli chotchedwa Kunto Bimo adzapeza mwayi, choncho anthu ankaponda tsinde la stupayo kuti afikire mkati.

Mliri utachititsa kuti kukwera kuletsedwe mu 2020, boma linaona kuti mpata wosintha zinthu wapezeka. Mu Juni 2022 nduna Luhut Binsar Pandjaitan inalengeza kuti okwera adzakhala 1,200 patsiku, ndipo nzika ya Indonesia idzalipira ndalama za dzikolo zokwana 750,000 rupiah, pamene mlendo wakunja adzalipira madola 100 a ku America. Panthawiyo tikiti yolowera m'paki inali 50,000 rupiah, ndipo malipiro otsikitsitsa ovomerezeka m'chigawo chapakati cha Java anali pafupifupi 2 miliyoni pamwezi, kutanthauza kuti wantchito wamba akanapereka ndalama zoposa gawo limodzi mwa magawo atatu a malipiro ake kuti akwere yekha, osawerengera banja. Anthu anakwiya kwambiri. Bwanamkubwa wa chigawocho, Ganjar Pranowo, anapempha kuti ganizolo liyambe laima, ndipo pasanathe milungu iwiri Pulezidenti Joko Widodo analamula kuti mtengowo usakwezedwe motero. Chiwerengero cha 1,200 chinatsala. Ndikuona kuti otsutsawo ananena zoona, chifukwa mwala sudziwa ngati phazi loupondalo ndi la wolemera kapena la wosauka, ndipo kuchepetsa anthu n'kotheka popanda kusankha ndi ndalama.

Mawu a Abuda anamveka mwapadera pamkanganowu. Iwo sakwana ngakhale munthu mmodzi pa anthu 100 alionse m'dziko limene pafupifupi 87 pa 100 alionse ndi Asilamu, ndipo ambiri mwa Abuda a m'midzi ya ku Java ndi alimi osauka. Chaka chilichonse, pamene mwezi ukuoneka wathunthu kumwamba mu Meyi kapena Juni, amachita chikondwerero cha Waisak chokumbukira kubadwa, kuunikiridwa ndi imfa ya Buddha, ndipo amonke ovala mikanjo yachikasu amatsogolera ulendo wapansi kuchokera kukachisi wa Mendut, kudutsa wa Pawon, mpaka ku Borobudur. Atsogoleri awo anakumbutsa boma kuti malowa, asanakhale okopa alendo, anamangidwa kuti anthu azipembedzerapo, ndipo sikoyenera kuti wopembedza alephere kukwera chifukwa chosowa ndalama.

Kukwera kunatsegulidwanso mu Malichi 2023, pamtengo wotsika kwambiri poyerekeza ndi umene unalengezedwa poyamba, ndipo nkhwaira za upanat zinakhala lamulo. Maonekedwe ake anatengedwa pachithunzi cha nambala 150 cha tsinde lobisika lija, pamene pakuoneka anthu akupereka nkhwaira ngati mphatso kwa ansembe, chithunzi chimene chikudziwika chifukwa cha ntchito ya Kassian Cephas. Amene amaluka nkhwairazi ndi amisiri a m'midzi ya m'dera la Borobudur lomwelo, ndipo mlendo akatsika amapita nazo kwawo. Zimenezi zapatsa mabanja ena ntchito, koma mkangano wa malo sunathe, popeza mu 2024 mavenda ambiri anachotsedwanso pafupi ndi kachisi n'kusamutsidwira kumsika watsopano wa ku Kujon, ndipo ena mwa iwo anadandaula poyera kuti sanapatsidwe malo ogulitsirapo kumeneko.