Mafunso ndi Mayankho kwa Osintha Injini ndi Kabokosi Koyendetsa Magiya

Kuno ku Chipata alipo eni a Hilux ndi magalimoto ena amene amaikitsa injini ya Lexus ya 1UZ pamodzi ndi giyabokosi ya otomatiki ya A340, yomwe imayendetsedwa ndi kabokosi ka kompyuta kogula padera, monga ka Spitronics kochokera ku South Africa. Magiya akayamba kuvuta, ambiri amathamangira kuitanitsa kabokosi kena, chonsecho vuto kawirikawiri limakhala pa waya.

Kodi lamulo limafuna chiyani ndikasintha injini?

Nambala ya injini imalembedwa mu white book, chikalata cha kalembera wa galimoto, choncho mukaika injini ina muyenera kudziwitsa a RTSA, bungwe la boma la Zambia loona za magalimoto ndi chitetezo cha pamsewu, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la zapamsewu la 2002, kuti aione galimotoyo ndi kukonza mapepala ake. Sungani lisiti yosonyeza kumene munagula injiniyo. Auzeninso a inshuwalansi, chifukwa pakachitika ngozi akhoza kukana kulipira atapeza injini yosiyana ndi imene munalembetsa.

Galimoto yanga ikunyamuka molemera ngati yasenza matumba a chimanga. Kodi kabokosi kapsa?

Musafulumire kuganiza choncho. Giyabokosi ya A340 ili ndi ma solenoid awiri osinthira magiya, omwe ndi mavalavu oyendera magetsi. Giya yoyamba imalowa pamene woyamba yekha walandira magetsi, yachiwiri pamene onse alandira, yachitatu pamene wachiwiri yekha walandira, ndipo onse akakhala opanda magetsi ndodo ya magiya ili pa D, galimoto imakhala m'giya yachinayi. Ndiye kuti fyuzi imodzi yopsa, kapena waya wa earth womasuka, ndi wokwanira kuichititsa kunyamuka chokwawa. Yambani ndi fyuzi, muone ngati mavolti 12 akufika pa kabokosi, kenaka muzule pulagi ya pa giyabokosi ndi kupima solenoid aliyense ndi mita: wabwino amasonyeza pakati pa ma ohm 11 ndi 15. Ine ndinaonapo pulagi yotere itadzaza matope ofiira a m'dzinja, timapini tili tobiriwira ndi dzimbiri, mwini wake atataya kale ndalama pa kabokosi katsopano kosafunika.

Nanga magiya akamasinthasintha okha, kapena kuchedwa kusintha?

Kabokosi kamadalira zinthu ziwiri, liwiro la galimoto ndi mmene mwapondera mafuta. Sensa ya pa throttle, imene imapima mmene mwapondera mafuta, iyenera kusonyeza pafupifupi theka la volti musanaponde, ndi kukwera mosadumphadumpha mpaka cha m'ma 4 mukaponda kotheratu. Waya wa sensa ya liwiro usayendere limodzi ndi mawaya a ma spark plug, chifukwa umatolako phokoso la magetsi. Ngati munaika matayala aakulu kapena kusintha difu, auzeni amakanika alumikize laputopu ndi kulowetsa manambala atsopano, apo ayi kabokosi kadzapitiriza kuwerengera liwiro lolakwika.

Injini ikulira koma galimoto sikukoka, ndipo mafuta a giya akununkha zopserera. Ndichite chiyani?

Imitsani galimotoyo pomwepo. Pa magiyabokosi akale a mtundu umenewu mphamvu yofinya ma clutch imadalira kebulo yochokera ku throttle, ndipo ndi zomvetsa chisoni kuti ena akamaika injini amaisiya lendelende poganiza kuti kabokosi kachita zonse. Kebuloyo ikakhala yosamanga, ma clutch amaterereka mpaka kupsa. Mafuta abwino amakhala ofiira. Akada, kutentha kwawononga kale. Amene amapita ku Lusaka atanyamula katundu, kukwera zitunda za kutsidya kwa mlatho wa Luangwa m'mwezi wa Okutobala, aike choziziritsa mafuta a giya chapadera kutsogolo kwa radiyeta.

Ndi chiyani chimene sindiyenera kulola kuti amakanika achidumphe?

Switchi yoletsa injini kulizidwa galimoto ili m'giya. Injini iyenera kulira pa P kapena pa N pokha, ndipo magetsi a rivesi ayake mukaika pa R. Yesani zimenezi nokha, phazi lili pa buleki, musanatuluke pagalaja.