Musafomate kompyuta chifukwa cha zikwangwani zomatirira

Mwezi uno anthu atatu abwera pa shopu yanga ndi dandaulo limodzimodzi. "Achimwene, laputopu yalowa vairasi. Ndikatsegula nkhani pa intaneti, pamwamba pamamata chikwangwani, pakona kavidiyo, ndikamatsitsa tsamba zikunditsatira." M'modzi anali atalipira kale mnyamata wina kuti amufomatire. Zithunzi za ukwati wa mwana wake zinapita zonse, koma zikwangwani zija zinabwerera atangotsegula tsamba lomwelo.

Ndatopa nako kubwereza. Zimenezi si vairasi ayi. Anazikhoma dala ndi eni tsamba. Popanga tsamba pali malamulo awiri a CSS (chilankhulo chokonzera maonekedwe a tsamba), position: fixed ndi position: sticky, ndipo chinthu chikapatsidwa limodzi mwa amenewa chimakakamira pa sikirini ngakhale mutsitse bwanji. Eni ake amafuna dzina lawo ndi malonda awo zisachoke m'maso mwanu. Zikwangwani zija zofunsa za ma cookies (timafayilo timene tsamba limasunga mu kompyuta yanu kuti likukumbukireni) zinachulukana kuyambira May 2018, pamene lamulo la GDPR la ku Ulaya, loteteza zinsinsi za anthu, linayamba kugwira ntchito. Fomatani kakhumi, tsambalo lidzabwerabe monga analikonzera eni ake.

Chimene ndimaikira makasitomala anga ndi extension (kapulogalamu kowonjezera pa pulogalamu yotsegulira masamba, monga Chrome kapena Firefox) imodzi yokha, uBlock Origin ya Raymond Hill, yomwe ilipo kuyambira 2014 ndipo ndi yaulere. Mukaitsegula muona kachizindikiro ka mphezi. Dinani pamenepo, lozani chikwangwani chokusowetsani mtenderecho, chichoka pompo, koma chidzabwerera mukatsegulanso tsambalo. Pambali pake pali kena kotchedwa element picker, komwe kamasunga lamulo kuti chinthucho chisadzaonekenso pa tsamba limenelo. Chenjerani nako kachiwirika. Anthu amafufuta mzere wonse wa pamwamba, mawa lake n'kumandiimbira foni kuti batani lolowera kapena lolipirira lasowa. Nthawi zina mukachotsa chikwangwani chotseka sikirini yonse tsamba limauma osatsika, chifukwa eni ake analimanganso ndi lamulo lina la CSS, overflow: hidden. Zikatero, ngati mukungofuna kuwerenga nkhani, Reader View ya Firefox imakupatsani mawu okhaokha.

Ndatchula Firefox dala. Google inasintha malamulo a ma extension, omwe amati Manifest V3, ndipo uBlock Origin yathunthu sikugwiranso pa Chrome. Yatsala ndi uBlock Origin Lite, yochepa mphamvu. Pa foni ya Android, Chrome salandira ma extension n'komwe. Wina akakuuzani kuti mumpatse ndalama akuikireni pa Chrome ya m'foni, ameneyo akufuna kukudyerani. Firefox ya Android ndiye imalandira.

Chomwe chimandiwawa kwambiri ndi china. Kuti extension ichotse zinthu pa tsamba lililonse, imapempha chilolezo chowerenga ndi kusintha zonse zimene mukuchita pa masamba onse. Zonse, kuphatikizapo tsamba la banki ndi imelo. Anthu amangodina kuvomera osawerenga. Ndipo extension yabwino lero ikhoza kugulitsidwa mawa. Stylish, yomwe anthu ankasinthira maonekedwe a masamba, inachotsedwa pa Chrome ndi Firefox mu 2018 zitadziwika kuti inkatumiza kwa eni ake atsopano mndandanda wa masamba amene anthu akutsegula. Extension ina, The Great Suspender, inasintha mwini mu 2020, ndipo mu February 2021 Google inaithothola chifukwa inali ndi zoipa mkati.

Sindiiwala mayi wina wogulitsa zitenje kudzera pa Facebook. Zikwangwani zinkamukwiyitsa, ndiye mwana wa mchemwali wake anamuikira extension yomwe anaipeza pa linki ya pa WhatsApp, ya dzina lokoma lolonjeza kuyeretsa masamba. Zikwangwani zinachokadi. Patapita masiku anayamba kuona kuti akasaka kanthu, akumutengera ku tsamba lachilendo lodzaza malonda. Anangoti ndi netiweki. Anakhala nazo choncho masabata atatu. Tsiku lomwe anafika kwa ine, tsamba lake la bizinesi linali m'manja mwa anthu ena, imelo ndi pasiwedi atasintha, ndipo makasitomala ake akulandira mauthenga opempha ndalama m'dzina lake. Ndinatsegula mndandanda wa ma extension ndikupezamo asanu ndi awiri, iye akudziwapo imodzi yokha. Ndinachotsa onse, tinasintha mapasiwedi otsala, koma tsambalo sitinalibwezenso. Akanabwera sabata yoyamba ija, inali ntchito ya mphindi khumi.

Choncho lero lomwe lembani chrome://extensions (pa Chrome) kapena about:addons (pa Firefox) pamene mumalemba adiresi ya tsamba. Extension iliyonse imene simukukumbukira kuti munaika nokha, ichotseni, kenako musinthe pasiwedi ya imelo poyamba, chifukwa ndi kumene maakaunti ena onse amatumiza mauthenga obwezera pasiwedi.